Phiri Lozondoka: Zimene Ulendo wa Masiku Anayi mu Grand Canyon Umaphunzitsa



M'phunziro la mwezi uno tipita kutali, ku dziko la America, m'chigawo cha Arizona, komwe kuli chigwembe chachikulu chotchedwa Grand Canyon. Anthu ambiri amene amafika kumeneko amangoima pamwamba, kujambula zithunzi, n'kubwerera tsiku lomwelo. Pali ena ochepa amene amabereka zikwama kumsana n'kutsikira pansi, kukagona kumeneko masiku atatu, anayi kapena kuposerapo, motsogozedwa ndi namulondola yemwe amakhalanso mphunzitsi wawo. Limodzi mwa mabungwe amene akhala akukonza maulendo otere ndi Grand Canyon Conservancy, kudzera m'nthambi yake yotchedwa Field Institute, ndipo pali makampani enanso amene ali ndi chilolezo cha akuluakulu a malowa.

Tiona mmene ulendo wotere umayendera tsiku ndi tsiku, zimene anthu amaphunzira m'njira, ndi chifukwa chimene chigwembechi chimapha ngakhale anthu amphamvu. Ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 aonetsetse mafunso amene ali kumapeto.

Malowo ndi otani

Chigwembechi chinakumbidwa ndi mtsinje wa Colorado. Kutalika kwake motsatira mtsinje ndi makilomita 446. Malo ena m'lifupi mwake chimafika makilomita 29, ndipo kuya kwake kumaposa mamita 1,600. Boma la America linachikhazikitsa kukhala malo otetezedwa mu 1919, ndipo mu 1979 bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse.

Pamwamba ndi pansi pa chigwembechi pali nyengo ziwiri zosiyana kotheratu. M'mphepete mwa kum'mwera, komwe amakutcha South Rim, mtunda ndi wokwera mamita pafupifupi 2,100. Kumeneko kuli nkhalango ya mitengo ya paini, ndipo m'nyengo yozizira kumagwa chipale chofewa. Pansi pa mtsinje mtunda ndi wokwera mamita pafupifupi 750 okha, ndipo n'chipululu cha zomera zaminga, komwe mvula ya chaka chonse imangopitirira pang'ono mamilimita 200. Munthu akatsika mamita 300 alionse, kutentha kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi atatu. Choncho amene wanyamuka pamwamba atavala juzi amakafika pansi thukuta lili kamukamu. M'miyezi ya June, July ndi August kutentha kwa pansi kumapitirira madigiri 40, ndipo nthawi zina kwafikapo 49.

Chifukwa chake timati phiri lozondoka

Wokwera phiri, monga la Mulanje, amayamba ndi ntchito yovuta. Miyendo ikakana, amatembenuka, ndipo njira yobwerera imakhala yotsetsereka. Thupi limamuchenjeza nthawi ikadalipo. M'chigwembe zinthu zimayenda mosiyana. Munthu amayamba ndi kutsika, m'mawa kukadali kozizira, miyendo ili ndi mphamvu, botolo la madzi lili lodzaza. Palibe chimene chimamuuza kuti aime. Pamene akuganiza zobwerera, dzuwa lili pamutu, madzi atsala pang'ono, ndipo mtunda wonse uja anatsika ukumudikira. Oyang'anira malowa amauza alendo kuti kukwera kumatenga nthawi yowirikiza kawiri ya kutsika, ndipo zikwangwani za m'njira zimakumbutsa kuti kutsika munthu amachita kufuna, koma kukwera alibe pothawira.

Maso nawonso amanama kumeneko. Mu 1540 msilikali wa ku Spain dzina lake García López de Cárdenas anafika pamwamba pa chigwembechi atalondoleredwa ndi anthu a mtundu wa Hopi. Iye ndi anzake ataona mtsinje pansi anaganiza kuti ndi kamtsinje ka mamita awiri m'lifupi. Anatha masiku atatu akufunafuna potsikira. Amuna atatu amene anayesa anangotsika gawo limodzi mwa magawo atatu, n'kubwerako akunena kuti miyala imene pamwamba inkaoneka yotalika ngati munthu inali yoposa nsanja yaikulu ya mumzinda wa Seville. Madzi atawachepera, anachoka osaufika mtsinjewo. A Hopi ankadziwa njira zotsikira, popeza makolo awo ankapita pansi kukatenga mchere.

Choncho phunziro lalikulu la ulendowu ndi ili: zonse zimene zidzapulumutse munthu pa tsiku lomaliza zimaganiziridwa iye asanaponde phazi m'njira.

Tsiku lokonzekera

Palibe amene amaloledwa kugona pansi pa chigwembechi popanda chilolezo, ndipo malo ogona ndi owerengeka. Gulu lalikulu limene limaloledwa ndi la anthu 11. Pa maulendo ophunzitsa, bungwe ndilo limapeza chilolezocho, ndipo limafunsiratu za thanzi la aliyense. Ophunzira amalangizidwa kuti kwa miyezi ingapo azizolowera kukwera ndi kutsika mitunda atabereka katundu, atavala nsapato zomwezo zimene adzavale pa ulendo. Nsapato zatsopano zimatulutsa matuza, ndipo thuza limodzi pa tsiku loyamba limasautsa munthu masiku onse otsalawo.

Gulu likakumana, namulondola amauza aliyense kuti akhuthule chikwama chake pansi. Amaona chinthu chimodzichimodzi: tenti, chofunda, kamphasa kogonera, chipewa cha mlomo waukulu, tochi ya pamutu, chakudya, mabotolo a madzi. Chilichonse chosafunika amachibweza. Malaya achinayi, buku lolemera, botolo lalikulu la mafuta odzola, zonsezi zimatsala pamwamba. Chifukwa chake n'chosavuta: lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo m'nyengo yotentha munthu amafunika malita anayi kapena kuposerapo pa tsiku. Malo a m'chikwama ndi mphamvu za msana ziyenera kusungidwira madzi. Katundu wa gulu lonse, monga kachitofu ka gasi, miphika, sefa ya madzi ndi bokosi la mankhwala, amagawana. Mutu umodzi susenza denga.

Kenako amayala mapu. Aliyense ayenera kudziwa pomwe pali madzi, pomwe palibe, pomwe pali mthunzi, ndi mtunda umene uli pakati pa malo amenewa. Namulondola safuna kuti ophunzira azingomutsata ngati nkhosa. Iye atavulala, gulu liyenera kudziwa komwe lili.

Tsiku loyamba: kuwerenga miyala

Ulendo wodziwika kwambiri wa masiku anayi umatsikira njira ya South Kaibab n'kukwerera njira ya Bright Angel. South Kaibab ndi ya makilomita pafupifupi 11 kukafika pa malo ogona a Bright Angel Campground pafupi ndi mtsinje, ndipo imatsika mamita pafupifupi 1,450. Njirayi imatsata msana wa phiri, choncho munthu amaona kutali mbali zonse, koma ilibe madzi ngakhale dontho, ndipo mthunzi ndi wosowa. N'chifukwa chake anamulondola amaigwiritsa ntchito potsika m'mbandakucha, osati pokwera masana.

Apa ndi pomwe kalasi imayambira. Makoma a chigwembechi ali ndi mizere ya miyala yosanjikizana, ina yoyera, ina yofiira, ina yobiriwirako, ina yakuda. Lamulo loyamba limene amaphunzitsa n'lofanana ndi la khoma la njerwa: ya pansi ndiyo inayamba kuikidwa. Munthu akamatsika amakhala akubwerera m'mbuyo m'mbiri ya nthaka.

Mzere wa pamwamba umatchedwa Kaibab. Ndi mwala wa laimu, ndipo akatswiri a miyala amati uli ndi zaka pafupifupi 270 miliyoni. Namulondola amaimitsa gulu n'kulionetsa zigoba za tizilombo ta m'nyanja zomwe zinauma m'mwalamo. Wophunzira amafunsidwa kuti: zigoba za m'nyanja zikutani pamalo okwera mamita 2,100, pakati pa dziko louma? Yankho n'lakuti mwalawu unapangika pansi pa nyanja, ndipo pambuyo pake dera lonseli linatukuka pang'onopang'ono.

M'munsi pang'ono muli mzere woyera wotchedwa Coconino. Timizere ta mkati mwake n'topendekeka, monga mmene mchenga umakhalira mphepo ikauunjika. Akatswiri ambiri amati umenewu unali mchenga wa chipululu chakale, ndipo m'menemo mumapezeka mapazi a tinyama tonga abuluzi. Kutsika ndithu, gulu limafika pa khoma lalitali mamita pafupifupi 150 lotchedwa Redwall. Kunja kwake n'kofiira, koma pomwe mwala wagumuka kumene umaoneka wotuwa. Kufiirako ndi dzimbiri limene madzi a mvula amatsitsa kuchokera ku miyala ya pamwamba pake. Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso ake saiwala kuti kunja kwa mwala sikunena zonse za mkati mwake.

Namulondola amafunsanso chifukwa chimene makoma a chigwembechi amaonekera ngati masitepe. Miyala yolimba, monga ya laimu ndi ya mchenga, imapanga makoma oongoka. Miyala yofewa, yochokera ku matope, imanyenyeka msanga n'kupanga malo otsetsereka. Mtsinje unakumba kuya, koma kutambalala kwa chigwembechi ndi ntchito ya mvula, timitsinje ta m'mbali, ndi madzi amene amalowa m'ming'alu n'kuundana usiku mpaka thanthwe kusweka. Akatswiri ambiri amati mtsinjewu unakhazikika m'njira yake ya lero zaka 5 kapena 6 miliyoni zapitazo. Tione kusiyana kwake: miyala ndi yakale kwambiri, koma chigwembe chimene chinaidula n'chaching'ono msinkhu poyerekeza ndi miyalayo.

Pafupi ndi mtsinje pali miyala yakuda yonyezimira yotchedwa Vishnu, ya zaka pafupifupi 1.7 biliyoni. Malo ena, pamwamba pa miyala yakudayi pakhala mwala wa mchenga wotchedwa Tapeats, wa zaka zopitirira pang'ono 500 miliyoni. Pakati pa iwiriyi pakusowa mbiri ya zaka zoposa biliyoni imodzi, chifukwa miyala ya nthawi imeneyo inakokoloka kapena sinaunjikane n'komwe. Munthu angathe kuika chikhato chake pa mzere umenewu, chala chachikulu pa mwala wakuda, zala zina pa mwala wa mchenga. Ophunzira amaphunzira kuti katswiri woona amawerenga zimene zilipo ndiponso amazindikira pomwe masamba a mbiriyo anang'ambika.

Gulu limawoloka mtsinje pa mlatho wolendewera umene anthu amautcha Black Bridge, womangidwa mu 1928. Zingwe zake zachitsulo zinali zazitali mamita oposa 160, chilichonse cholemera kuposa tani imodzi, ndipo nyulu sizikanatha kuzinyamula m'njira yokhotakhotayo. Amuna oposa 40, ambiri a iwo a mtundu wa Havasupai, anazisenza pamapewa atandandalikana ngati bongololo, kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Tsiku lachiwiri: mtsinje ndi eni nthaka

Tsiku lachiwiri gulu silisamuka. Miyendo imapuma, chifukwa kutsika ndi katundu kumapweteketsa mawondo ndi ntchafu kuposa mmene ambiri amayembekezera. Pafupi ndi malo ogona pali tinyumba ta miyala totchedwa Phantom Ranch, timene tinamangidwa mu 1922 motsatira mapulani a mayi Mary Colter. Kulibe msewu wa galimoto. Chakudya ndi makalata zimafika pa nyulu, nyama yobadwa kwa bulu ndi hatchi.

Phunziro la tsikuli limayambira pa mtundu wa madzi. Dzina lakuti Colorado ndi la Chisipanishi, ndipo limanena za kufiira, popeza kale mtsinjewu unkanyamula matope ofiira ochuluka. Lero masiku ambiri madzi ake amaoneka obiriwira ndipo ndi ozizira kwambiri ngakhale m'chilimwe. Chinasintha zinthu ndi damu la Glen Canyon, kumtunda kwa mtsinjewu, limene linayamba kutseka madzi mu 1963. Matope amatsalira kuseri kwa damu, ndipo madzi amene amatulutsidwa amachokera pansi pa nyanja ya damulo, komwe dzuwa silifika. Zotsatira zake n'zakuti mchenga wa m'mphepete mwa mtsinje unayamba kuchepa, ndipo nsomba za komweko zozolowera madzi ofunda amatope zinavutika. Kuyambira mu 1996 akuluakulu akhala akutulutsa dala madzi ambiri nthawi zina kuti mtsinje ubwezeretse mchengawo. Damulo limapereka magetsi ndi kusunga madzi a anthu mamiliyoni, choncho ophunzira amapatsidwa mpata wokambirana phindu ndi mtengo wake. Aliyense, ngakhale wodziwa kusambira, amaletsedwa kulowa mumtsinjewu, chifukwa kuzizira ndi liwiro la madzi zimafoola munthu m'mphindi zochepa.

Pafupi ndi mlatho uja pali mabwinja a nyumba za miyala momwe munkakhala alimi zaka pafupifupi 900 zapitazo. Ankalima chimanga, nyemba ndi maungu. Malo ena m'chigwembechi, monga ku Nankoweap, nkhokwe zawo zikadali m'mapanga a m'makoma, pamwamba pomwe madzi osefukira sakanafika. M'mapanga ena munapezeka tizidole ta nyama topangidwa ndi timitengo tong'ambidwa pakati, ta zaka pafupifupi 4,000. Mitundu 11 ya anthu, kuphatikizapo a Hopi, Havasupai, Hualapai, Navajo, Zuni ndi Paiute, imaona chigwembechi ngati kwawo, ndipo mbumba zawo zilipo mpaka lero. Namulondola wabwino amakumbutsa gulu lake kuti likuyenda m'mudzi wa eni ake. Phale la mphika wakale likapezeka m'njira, amaliyang'ana n'kulisiya pomwepo. Kulitenga ndi mlandu, ndiponso phale lochotsedwa pamalo pake silingauzenso akatswiri kanthu za amene analiumba.

Madzi, mchere ndi dzuwa

Gawo ili tiliwerenge mosamala, chifukwa ndi pomwe pali moyo ndi imfa.

M'chipululu mpweya ndi wouma kwambiri moti thukuta limauma lisanaoneke. Munthu amataya madzi osazindikira. Zizindikiro zoyamba ndi mutu, chizungulire, mseru, kukokana kwa minofu ndi mkodzo wochepa wa mtundu wakuda. Wotereyu amafunika mthunzi, kupuma, madzi ndi chakudya. Zikapitirira, thupi limalephera kudziziziritsa lokha, munthu amayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka. Apa mphindi iliyonse ndi yofunika: amamuthira madzi thupi lonse, kumukupiza, ndi kuitana thandizo.

Pali vuto lina limene ambiri salidziwa. Munthu woopa ludzu angathe kumwa madzi ambirimbiri osadya kanthu. Thukuta limatulutsa mchere, madzi akumwawo amasungunula wotsalawo, ndipo mchere wa m'magazi umatsika mpaka ubongo kuyamba kutupa. Zizindikiro zake zimafanana ndi za kuchepa kwa madzi, koma kumupatsa madzi ena kumangowonjezera vutolo. N'chifukwa chake namulondola amafunsa mafunso atatu: wamwa madzi ochuluka bwanji, wadya chiyani, ndipo wakodza kangati. Pa kupuma kulikonse amaonetsetsa kuti aliyense wadya chamchere, monga mtedza kapena mabisiketi, ngakhale asakumva njala, popeza kutentha kumapha chilakolako cha chakudya.

M'nyengo yotentha oyang'anira malowa amalangiza kuti anthu asayende pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo. Gulu limadzuka usiku, limayenda ndi matochi, ndipo dzuwa likakwera limakhala pamthunzi. Pomwe pali kamtsinje amanyowetsa malaya ndi chipewa n'kuzivala zili zonyowa. Maulendo ambiri ophunzitsa amachitika m'miyezi ya March, April, October ndi November, pomwe kutentha kuli kwa pakatikati.

Mphamvu za thupi sizilowa m'malo mwa kukonzekera. Mu July 2004 mtsikana wina wa zaka 24, wophunzira za udokotala, amene anali atathamanga mpikisano wa makilomita 42 wa ku Boston m'maola atatu ndi mphindi zochepa, anamwalira m'chigwembechi chifukwa cha kutentha ndi ludzu. Iye ndi mnzake analibe mapu, mtunda unali wautali kwambiri kuposa mmene ankaganizira, ndipo madzi amene iye ananyamula sanakwane malita awiri. Oyang'anira malowa anaika nkhani yake pa zikwangwani kuti achinyamata amphamvu, omwe ndiwo amadzidalira kwambiri, aziiwerenga asanatsike.

Madzi a pa mipope ya m'njira nawonso si odalirika nthawi zonse. Kwa zaka zambiri akhala akuchokera ku kasupe wa Roaring Springs, kumpoto kwa mtsinje, kudzera m'paipi imodzi yomangidwa m'zaka za m'ma 1960, imene yakhala ikuphulika kawirikawiri. Choncho gulu limanyamula sefa kapena mankhwala otsukira madzi a m'timitsinje. Ndipo chipululu chomwecho chimene chimapha ndi ludzu chimaphanso ndi madzi ochuluka. Kuyambira July mpaka September kumagwa mvula ya mabingu. Nthaka ya miyala siimwa madzi, choncho mvula yogwa kutali, kumene gulu silikuiona n'komwe, ingathe kudzaza khwawa louma m'kanthawi kochepa, itanyamula matope, mitengo ndi miyala. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Palibe namulondola amene amalola kumanga tenti m'khwawa louma, ngakhale mchenga wake ukhale wofewa chotani.

Tsiku lachitatu ndi lachinayi: kukwera

Njira ya Bright Angel ndi ya makilomita pafupifupi 15 kuchokera pa malo ogona a pansi kukafika pamwamba. Ndi yotalikirapo kuposa South Kaibab, koma ili ndi madzi ndi mthunzi. Gulu limaigawa pawiri. Tsiku lachitatu limayenda theka lake, kudutsa chitunda chokhotakhota cha m'miyala yakuda chotchedwa Devil's Corkscrew, n'kukagona pamalo a kasupe ndi mitengo ikuluikulu otchedwa Havasupai Gardens.

Dzina limeneli lili ndi mbiri yowawa. Mabanja a Havasupai ankalima pamenepa kwa mibadwo yambiri, ndipo njira ya Bright Angel inatsata njira yawo yakale. Malowa atakhala otetezedwa, mabanjawo anakakamizidwa kuchoka, ndipo womaliza, amene Azungu ankamutcha Captain Burro, anachotsedwa mu 1928. Kwa zaka zambiri malowa ankatchedwa Indian Garden, mpaka mu 2022 pomwe dzina linasinthidwa a Havasupai atapempha. Ophunzira akakhala pamthunzi wa mitengo imeneyi amafunsidwa funso lovuta: kodi n'zotheka kuteteza chilengedwe popanda kuthamangitsa anthu amene anachisunga poyamba?

Tsiku lachinayi ndilo lija linali kuwadikira. Patsala makilomita osakwana 8, koma mtunda wokwera ndi woposa mamita 900, ndipo mpweya umapepuka pamene akuyandikira pamwamba. Namulondola amaika woyenda pang'onopang'ono patsogolo kuti ndiye apereke liwiro, ndipo ngati anamulondola ali awiri, wina amatsalira kumbuyo kwenikweni. Lamulo la liwiro n'lakuti munthu azitha kulankhula akuyenda. Akayamba kulephera kumaliza chiganizo, ndiye kuti wathamanga. Amapuma mphindi khumi pa ola lililonse, miyendo ataikweza. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Wotsika amapatukira wokwera, ndipo onse amapatukira nyulu, ataima chete mbali ya khoma, osati mbali ya phompho.

Apa ndi pomwe zonse za tsiku lokonzekera zimaonekera. Amene analola kusiya katundu wosafunika amayenda mopepuka. Amene ananena msanga kuti phazi likuwotcha, n'kulimata pulasitala thuza lisanatuluke, amakwera bwino. Amene anabisa vuto lake poopa kusekedwa amachedwetsa gulu lonse, ndipo anzake amagawana katundu wake.

Kuchoka osasiya chizindikiro

Chipululu sichichira msanga. Khoko la nthochi kapena la lalanje, limene kumalo a chinyezi limaola m'masiku ochepa, kumeneko limakhala miyezi yambiri. Choncho chilichonse chimene gulu latsika nacho limakwera nacho, ngakhale mapepala a kuchimbudzi. Komwe kulibe zimbudzi, munthu amakumba kadzenje pa mtunda wa mamita 60 kuchokera pa madzi, n'kukwirira. Kukoleza moto wa nkhuni n'koletsedwa pansi ponse. Amaphikira pa kachitofu ka gasi. Pambali pa njira, nthaka ina ili ndi kakhungu kakuda kokhakhala. Kameneka ndi ka tizamoyo tating'onoting'ono ndi ndere zimene zimamanga dothi kuti lisauluke ndi mphepo, ndipo phazi limodzi limawononga chimene chinatenga zaka zambiri kuti chikule.

Chakudya chimasungidwa m'mabokosi olimba kapena m'matumba a waya, chifukwa mbewa, agologolo ndi akhwangwala a kumeneko anaphunzira kuboola ndi kutsegula zikwama. Alendo ambiri amaopa njoka ndi zinkhanira, komatu nyama imene imaluma anthu kawirikawiri ndi gologolo, pamene anthuwo akufuna kumudyetsa pamanja. Amwayi amaona muimba wamkulu wotchedwa California condor, wa mapiko otambasuka pafupifupi mamita atatu. Mbalamezi zinatsala pang'ono kutheratu, zinaweteredwa m'malo osungira nyama, ndipo zinayamba kubwezeredwa ku Arizona mu 1996.

Ntchito ya namulondola

Anthu ambiri amayenda njira zimenezi okha, ndipo lamulo limalola. Nanga phindu la namulondola n'chiyani? Choyamba, amaphunzitsa maso. Wopanda womuuza amangoona miyala yofiira. Wophunzitsidwa amaona nyanja yakale, chipululu chakale ndi munda wa munthu. Chachiwiri, amaphunzitsidwa chithandizo choyamba cha kumalo akutali ndi chipatala, ndipo amanyamula chipangizo cholumikizirana kudzera pa setilaiti, popeza foni wamba siigwira malo ambiri pansipo. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chovuta, ali ndi udindo wonena kuti lero sitipitirira, ngakhale anthu alipira ndalama ndipo akufunitsitsa kukafika. Gulu limene limalola kubwezedwa ndilo limabwerera lonse kwa abale awo. Safunsa anadya phula.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani chifukwa chimene kutsika m'chigwembe kumapusitsira munthu kuposa kukwera phiri.
2. Ngati gulu latenga maola anayi kutsika, liyembekezere maola angati pokwera?
3. Pamwamba pali madigiri 24. Pogwiritsa ntchito lamulo la madigiri atatu pa mamita 300 alionse, kodi mamita 1,500 m'munsi mwake kutentha kungakhale kotani?
4. Munthu akufunika malita anayi pa tsiku, ndipo njira ilibe madzi kwa tsiku limodzi ndi theka. Madzi okhawo alemera makilogalamu angati?
5. N'chifukwa chiyani zigoba za m'nyanja zimapezeka pamwamba pa chigwembechi?
6. Tchulani kusiyana kwa vuto la kuchepa kwa madzi m'thupi ndi vuto la kuchepa kwa mchere. Ndi mafunso ati amene namulondola amafunsa kuti asiyanitse?
7. Tchulani zinthu ziwiri zimene damu la Glen Canyon linasintha pa mtsinje wa Colorado.
8. Lembani ndime imodzi yofotokoza maganizo anu pa zimene zinachitikira mabanja a Havasupai.

Mayankho aperekedwe kwa aphunzitsi a kalasi yanu lisanafike Lachisanu la sabata yamawa. Tikupempha makolo kuti akhale pansi ndi ana pa funso lachisanu ndi chimodzi, chifukwa za madzi, mchere ndi dzuwa n'zofunika kwa aliyense amene amagwira ntchito kapena kuyenda ulendo wautali pa dzuwa.